Mabulangeti pa Mawindo a Mlamu

3 Seputembala

Mlamu,

Musanayambe kufunafuna moni m'kalata muno, yankhani kaye funso ili: ndi mkazi wotani amene amakhoma mabulangeti pa mawindo dzuwa likuswa mtengo, mwamuna wake ali gone mkatimo? Mukayankha, moni wanu ali pansipo, mukatenge.

Wa basi uja amatinyamulira makalata ndinamutuma kuti akupatsireni malaya amene ndasokera achimwene. Wabwerako akupukusa mutu. Akuti anagogoda mpaka zala kuwawa, inu n'kutsegula chitseko pang'ono ngati mukuopa kuti mphaka athawa, n'kulandira malayawo ndi dzanja limodzi. Kumbuyo kwanu akuti kunali bii ngati m'thumba, ndipo anamva munthu akutsokomola. Atapempha kuti alowe awaone, munati ayi. Situdiyo nayo akuti ndi yotseka, zithunzi za maukwati za pagalasi zija zayamba kufwifwa.

Pa foni mumangoti "ali bwino" n'kudula. Eni akewo sayankha n'komwe. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa pepala silidula.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, kusoka ndinadziphunzitsa ndekha pophwasula madiresi a eni, koma ndikudziwa kuti wodwala ndi dzuwa sadana. Mayi athu munawapeza. Wina akangoti mutu, iwo mawindo onse pululu, matiresi panja, wodwala pampando kuti dzuwa limulowe m'mafupa. Tonse atatu tinakula choncho, palibe anawolera mumdima.

Ngati akudwala, akudwala chiyani? Ngati mwayambana, nenani. Ine zozungulira sindizidziwa, paja sananditche Mavu chifukwa cha kuonda kwa m'chiuno.

Moni uja ndi uyu: tili bwino, kaya inu.

Mavu

8 Seputembala

Okondedwa alamu,

Moni wanu ndalandira, ndi funso lomwe. Ine ndili bwino. Ndikupitabe kochapa zovala kuja, kungoti masiku ano ndinapempha kuti ndiziweruka msanga.

Malaya afika ndipo awakwana. Akuthokoza. Akuti mikono mwaitalikitsa ngati munadziwa.

Achimwene anu akulandira thandizo kuchipatala chachikulu. Adokotala anati kwa masabata angapo asakhudzidwe ndi dzuwa ngakhale pang'ono. Mabulangetiwo ndinakhoma ndine. Za matendawo sindingalembe, chifukwa pali mawu ena amene si anga, ayenera kuwanena mwini wake. Ndawauza kuti akulembereni, avomera.

Chonde musabwere pakali pano. Ndikudziwa kuti mawu amenewa akuwawani, koma ndawalemba ndikudziwa. Ngati pali wina amene sangathe kupirira, abwere dzuwa litalowa, ndipo atiuziretu.

Ine mlamu wanu

12 Seputembala

Achimwene aakulu,

Moni. Kaya lole yanu yakusiyani kuti sabata ino, koma kulikonse kumene muli, ikani chiwongolero pansi muwerenge izi.

Mng'ono wanu watsekeredwa m'nyumba ngati mbewu za chaka chamawa. Kalata ya mlamu ndaiika momwemu, muone nokha. Akuti dokotala waletsa dzuwa. Dokotala wake uti? Ndamvapo dokotala akuletsa mowa, mchere, fodya, ngakhale mkazi. Koma dzuwa? Bodza likakhala la munthu wanzeru limavala nsapato, ili labwera chosavala.

Ndiye taonani pamene akuti "mawu ena si anga". Zaka zonsezi akhala limodzi, lero mawu ayamba kukhala ndi eni ake? Ndipo akuti wofuna kubwera abwere mdima utagwa. Bwanji? Kuti tisaone nkhope ya munthu?

Mukukumbuka mmene bambo anathera, ife tikuuzidwa kuti "ali bwino" mpaka kolala ya malaya inayamba kuzungulira yokha pakhosi. Ine zimenezo sindidzazilolanso. Akuti alemba, koma mpaka lero wa basi akungondikupizira dzanja lopanda kanthu.

Tikamutenge. Kuno kuli khonde, kuli mpando wa mayi uja, kuli ine. Mundiyankhe msanga, ndipo musandiuze za matayala.

Mlongo wanu,
Mavu

13 Seputembala

Mavu wanga,

Moni. Ndikulemba pansi pa kababu kofooka kamene mlamu wako anaika pakona, ndiye zilembo zikapendama usati ndayamba kumwa.

Kalata yako anandiwerengera yonse, osadumpha ngakhale pamene unaluma. Ndinachita manyazi, chifukwa amene anamulumbiritsa kuti asakuuze ndine.

Ndili ndi khansa ya kummero, m'njira ya chakudya. Eya, yomwe ija ya bambo. Inayamba ndi nyama kukana kutsika, kenako buledi. Iwe ndiwe unawasamala bambo mpaka pomaliza, ukuwadonthezera madzi ndi supuni. Sindinafune kuti ugwirenso supuni chifukwa cha ine.

Koma tamvera, chifukwa apa ndi pamene nkhani yanga yasiyana ndi ya bambo. Mtima wanga akuti sungapirire opaleshoni yaikulu, ndiye anasankha njira ina. Dokotala wake ndi wamng'ono kwa iwe, amalankhula uku akujambula papepala. Anandibaya mankhwala mumtsempha. Mankhwala ake ngodabwitsa: amayenda thupi lonse ali mtulo, osapweteka kanthu. M'malo abwinobwino amachokamo pang'onopang'ono, koma m'chotupa amakhazikika ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Patapita masiku angapo anandigoneka n'kutsitsa kukhosi kachingwe kowonda kokhala ndi kuwala kofiira kunsonga. Kuwalako kukagwera pachotupa, mankhwala aja amadzuka n'kuchiwononga pomwepo. Mpeni sunandikhudze.

Atandifotokozera ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinati, adokotala, unyamata wanga wonse ndinathera m'kachipinda ka mdima ndikutsuka mafilimu, lero filimuyo mwasandutsa ineyo? Anati eya bambo, ndipo wina akatsegula chitseko nthawi isanakwane, chithunzi chipsa.

Ndiye nkhani ya mabulangeti ndi imeneyo. Mankhwala ena amatsalira pakhungu ndi m'maso, ndipo sadziwa kusiyanitsa nyali ya dokotala ndi dzuwa. Nditangowothera pang'ono, khungu likhoza kutupa n'kutuluka matuza ngati ndathiridwa madzi owira. Mafuta odzola oteteza ku dzuwa akuti pamenepa alibe ntchito. Kuwala kofooka kwa m'nyumba ndiye kwabwino, kumathandiza kuti mankhwalawo azitha. Zitenga mwezi, mwina kupitirira.

Pabenchi ya kuchipatala ndimakhala ndi mayi wina wa chilonda cha kuphazi chimene chinakana mapilisi onse. Iyeyo amamupaka mankhwala a buluu pachilondapo n'kuunikapo, akuti kupha tizilombo. Amatuluka phazi lili ngati waponda inki, koma fungo linatha ndipo chilonda chayamba kutseka. Dziko lapita patali, Mavu. Ndikamaona zimenezi ndimaganiza za bambo.

Masiku oyamba pachifuwa panawawa koopsa, ndinkabuula ngati ng'ombe. Koma dzulo ndameza dzira lophika, lonse. Dokotala sanandilonjeze kuti yatha. Akuti tiona.

Mlamu wako usamulumenso. Ndipo achimwene aakulu uwauze mofatsa, ukudziwa mmene alili, amaliza injini asanamve kumene akupita.

Mawa mlamu wako apatsa wa basi kalatayi.

Ine mlongo wako wojambula

15 Seputembala

Mavu,

Moni. Kalata yako ndi ya mlamuyo ndawerenga. Loweruka ndilibe katundu. Ndidzakutenga mmawa, masana tili kumeneko. Ukonzeretu matiresi, tiika kumbuyo kwa lole agone akuwombedwa mphepo ndi dzuwa, pofika kwathu akhala atasanduka munthu. Mkaziyo usadzalankhule naye, ndidzalankhula ndine.

Kulemba kumandipweteka dzanja.

Mkulu wako

24 Seputembala

Mavu,

Moni, ngati ukadali mlongo wanga.

Ine sindikumvetsa. Tinapita awiri, ndabwerera ndekha ndi matiresi. Amene anandiitana ndiwe, amene anakana kukwera lole pobwerera ndiwenso.

Chitseko ndinathyola, inde. Nanga munthu angokuyankhira mkati kuti dikirani dzuwa lilowe? Ine ndidikire dzuwa pakhomo pa mng'ono wanga? Bulangeti la pawindo unazula ndiwe, osati ine. Ndipo unaona wekha zimene anachita mkaziyo, kumugwera mwamuna wake ngati nkhuku pa anapiye, kumufunditsa nsalu kumutu, kukuwa ngati talowa kudzaba. Mng'ono wanganso pansi pa nsalupo n'kumatikalipira ife abale ake kuti tulukani. Munthu sathamangitsa magazi ake pokhapokha wina atamulowa m'mutu.

Zimene ndinanena pamsewu anthu akumva sindibweza. Mkazi uja akufuna nyumba ndi makamera, akungodikira maliro. Kuno ndawauzanso azakhali, ndipo ukudziwa kuti akamva azakhali ndiye kuti wamva aliyense.

Makasitomala ako akundisowetsa mtendere ndi madiresi awo. Ubwera liti?

Mkulu wako

1 Okutobala

Achimwene aakulu,

Moni. Ndikadali mlongo wanu, ndiye khalani pansi, chifukwa mlongo weniweni ndi amene amakuuza kuti zipi yatseguka.

Mwalemba zimene munaona. Tsopano imvani zimene simunaone chifukwa munali kalikiliki kuimba hutala.

Lole itachoka ndinatsala pakati pa chipinda, bulangeti lili m'manja. Ndinakonzeka kutukwanidwa, ndipo mayankho ndinali nditawanola kale. Mlamu anadzuka, tsitsi lili nyankhalala, n'kunditambasulira hamala. Anati, "Alamu, inu ndi wamtali, khomani kumtundako, ine ndigwira kunsi." Basi. Ndinakhoma. Pachitseko chimene munathyola tinakokerapo kabati ya zovala, pamwamba pake n'kutsekapo ndi bulangeti la pabedi pawo.

Nthawi yonse imene inu ndi ine tinkakuwa ija, mlamu anali ataphimba nkhope ndi chifuwa cha mng'ono wanu. Koma dzanja lamanzere linali panja, litamugwira mkazi wake kumsana, mkono wa malaya utakwinyikira m'mwamba. Pofika madzulo linafiira. Kutacha linali litatupa ngati buledi, matuza kuyambira pamfundo ya dzanja mpaka pachigongono, n'kudukira ndendende pamene panayambira nsalu. Ine ndimadziwa mzere wowongoka ndikauona. Mzere umenewo unajambulidwa ndi dzuwa limene ndinalowetsa ine.

Tinapita nawo kuchipatala atavala chipewa, magalasi akuda, magolovesi, mpango mpaka m'mphuno, ngati munthu wopita kukaba kubanki. Dokotala atafunsa chimene chinachitika, mlamu anati, "Windo linatseguka." Ndinati ayi adokotala, windo lilibe manja, ndinatsegula ndine. Ndinawauzanso za matiresi a kumbuyo kwa lole. Adokotala anavula magalasi awo n'kundiyang'ana. Anati, "Ulendo wonsewo, padzuwa? Mayi, mukanafika nawo kwanu ngati munthu wopulumutsidwa m'nyumba yoyaka, ngati mukanafika nawo n'komwe."

Kenako, m'malo mondithamangitsa, anandiitana kuti ndione pakompyuta. Anandionetsa zithunzi ziwiri za kummero kwa mng'ono wanu. Choyamba njira ya chakudya ili ngati diso la singano. Chachiwiri, atatha kuunikamo, chala changa chikhoza kudutsa. Achimwene, ndi khansa, yomwe ija ya bambo. Ndipo anthu awa ailowera ndi kachingwe ka kuwala, osacheka paliponse. Ine amene ndimanyadira kuti ndimasoka osasiya chizindikiro, ndinagonja. Munthu amene anaganiza zoti mankhwala agone m'thupi mpaka nyali iwadzutse, kaya ali kuti, ndikanamusokera suti yaulere.

Zonsezi mng'ono wanu anandilembera ife tisananyamuke. Basi inafera panjira, kalata n'kukhala m'thumba la jekete la wa basi. Dzana wabwera nayo kuno, kunyumba yomwe inachokera, akumwetulira ngati wabweretsa mphatso. Ndinatsala pang'ono kumudyetsa kalatayo. Ndaiika momwemu. Muiwerenge kawiri, kuwerenga sikupweteka dzanja.

Tsopano za mkazi amene mukuti akudikira maliro.

Masana aliwonse amathamanga wapansi kuchokera kuntchito, manja ali ong'aluka ndi sopo, n'kuyendera chipinda chilichonse akuyang'ana pakhoma ndi pansi. Akapeza kakuwala ngakhale kochepa ngati nsonga ya phini, amakatsatira mpaka pamene kakulowera n'kutsekapo ndi kansalu. Bowo la kiyi anatseka. Kalilole anamutembenuzira kukhoma. Mababu onse anasintha. Chakudya amasinja, amasefa, amalawa, n'kudya nawo chomwecho kuti mwamuna wake asamve fungo la zimene sangameze. Dzuwa likalowa amawagwira mkono n'kuzungulira nawo mpaka pa sitolo ya pakona, mng'ono wanu akumuuza nkhope zimene zingatuluke bwino pachithunzi ndi zimene zingaphe kamera. Ndimawamva akuseka asanafike pageti.

Makamera amene mukuti akuwafunawo amawapukuta Lamlungu lililonse n'kuwabwezera m'mabokosi mwake, chifukwa akuti mwini wake adzawafuna.

Ndipo mwezi wonse ine ndikumuluma, iye anasunga chinsinsi chimene sichinali chake. Ndinamufunsa kuti bwanji simunangondiuza kuti ndikhale chete? Anati, "Ndinalonjeza. Komanso ndinaona kuti mukulumira chikondi." Ndinasowa poyang'ana. Ine ndinapepesa tsiku lomwelo, nditagwada pakhitchini, iye n'kumandiuza kuti dzukani alamu mukutchinga njira ya ku sitovu.

Makasitomala anga auzeni adikire. Ndabwereka makina kwa telala wa msewu uno. Mabulangeti aja ndachotsa, ndasoka makatani a nsalu ziwiri, yakuda mkati. Magolovesi sindinasokepo chibadwire, ndiye ndaphwasula amodzi kuti ndione mmene amayendera, pano mng'ono wanu ali ndi mapeya atatu. Akuti chipewa chimene ndawasokera chikhoza kubisa banja lonse.

Dzanja likupola. Dokotala akuti masiku akubwerawa adzayesa kaye kakhungu kochepa padzuwa, kudzera pakabowo ka pepala, aone ngati mankhwala atha. Sanatilonjeze kuti khansa yapita, adzaunikanso. Koma dzulo mmawa ndinawakonzera tiyi mng'ono wanu, ndipo mosadziwa ndinapezeka nditagwira supuni, nditaima pambali pa bedi ngati kale lija. Anandiyang'ana, n'kutenga buledi pambale, n'kuluma chakunsonga kouma kuja, n'kutafuna, n'kumeza. Anati, "Mavu, supuniyo takasira tiyi wako." Ndinatuluka panja. Musandifunse kuti ndinakatani.

Mayi ankatsegula mawindo chifukwa chotikonda. Mkazi uyu watseka mawindo pa chifukwa chomwecho. Ife tinaloweza za mawindozo, chifukwa chake tinachiiwala.

Koma mawu anu aja akadali pamsewu. Mayi wa sitolo ya pakona anasiya kumuyankha moni mlamu, chenji amamuikira pakauntala osamupatsa m'manja. Kuntchito kwake wina wamufunsa kale kuti maliro ndi liti. Iye amangobwera n'kuyamba kufunafuna kuwala m'makoma. Ine ndayenda khomo ndi khomo kufotokoza, koma anthu akuti mkulu wa banja ananena yekha.

Ndiye mkulu wa banja abwere. Loweruka likudzali, musandiuze za katundu. Mubweretse chitseko, mahinjesi ndi loko, chifukwa kabati ija yatopa kuima paulonda. Musanafike kuno mudzere kwa azakhali, muwawerengere kalata ya mng'ono wanu mokweza, kuti nkhani yoona nayo ikwere basi yomwe inakwera yabodza.

Ndipo musabwere mdima utagwa ngati mlendo waulemu. Mubwere nthawi yomwe ija, dzuwa likuswa mtengo. Muimike lole pamalo pomwe paja, muimbe hutala mpaka onse amene anatuluka tsiku lija atulukenso, ndipo mubweze mawu anu ndi mmero womwe uja munawanenera. Za wodwala musade nkhawa, tidzamutsekera kuchipinda chamkati, makatani anga salowa kanthu.

Ulendo uno amene aime padzuwa ndinu.

Mlongo wanu,
Mavu